Chidendene cha Abambo

Joni, 12 Febuluwale 2023

Amake Tawina,

Ndikulonjerani nonse kumeneko ku Kaomba. Ine kuno ndili bwino, kaya inu ndi mwana, kaya abambo ndi shuga wawoyo. Kalatayi ikubwera ndi Masautso wa thiraki pamodzi ndi chikwama chabuluu. M'menemo muli sopo, mafuta ophikira, diresi la Tawina ndi nsalu yanu. Musafunse kuti ndikulemberanji pamene foni ilipo. Pa foni mumangoti "eya, eya" chifukwa anthu amakhala atakuzungulirani pa golosale pamene mumatchajitsa paja, ndipo ine mawu amandithera. Komanso abambo amakonda pepala loti aike m'Baibulo, ndipo poti owawerengera ndinu, mumadziwa zodumpha.

Mwandiseketsa ndi nkhani ya nsapato. Ndiye kuti madala akumavala Lamulungu lililonse, kuchokera kunyumba mpaka ku tchalitchi, nsapatozo zikulira kwii kwii kuti mpingo wonse udziwe kuti zachokera ku Joni? Pogula ndinayesa phazi langa, poti iwo amanena kuti mapazi athu ndi amodzi. Ngati zikuwathina, auzeni azipumitse. Mwati chidendene chakumanja chinatuluka thuza, linaphulika, iwo osamva n'komwe, mpaka Tawina ndiye anaona magazi pa sokosi. Shuga amatero, amagonetsa mapazi. Muziliyang'anira phazilo, ngakhale ndikudziwa kuti phazi la apongozi anu muziliyang'ana mutaima patali.

Ndamvanso kuti akulengeza kwa aliyense kuti mwana wawo ndi dokotala. Chatiputa ndi chithunzi chija ndinajambulitsa pa khomo la chipatala nditavala magolovesi, tsiku limene ndinaperekeza bwana. Inu ntchito yanga mukuidziwa. Ndimasambitsa bwanayo, nkhalamba yachizungu imene ana ake amaitchula Oupa, kuitembenuza pa bedi, kuidyetsa phala ndi kutaya zina zosati n'kulemba pano. Koma asiyeni abambo anyade. Alima fodya zaka makumi anayi, amayi anawasiya okha, ndiye kabodza kowasangalatsa kangapweteke ndani?

Asamalowe m'matope ndi phazilo. Kuthyola fodya athyole aganyu, iwo azikhala pa chigafa n'kumasoka.

Ndine mwamuna wanu,
Levison

Joni, 5 Malichi 2023

Amake Tawina,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ine thupi lili bwino, kungoti msana, chifukwa Oupa ndi wolemera ngakhale sadya kwenikweni.

Lero ndili ndi nkhani. Oupa anali ndi chilonda m'chiuno chobwera chifukwa chogona mbali imodzi. Chinali chonyowa, chamafinya, pamwamba pake pali zinyama zachikasu ndi zakuda, fungo lake lofika mpaka kukhitchini. Ana ake anaitana namwino wa zilonda, mayi wina wa Chisuthu amene tonse timangoti Sisita. Amabwera Lachinayi lililonse. Tsiku loyamba ndinagwira beseni, iye n'kutenga kampeni kakang'ono ndi sizasi, kuyamba kudula zonyansazo pang'onopang'ono mpaka kufika pa mnofu wofiira wotuluka magazi. Ndinati, "Sisita, munthu ali ndi bala kale, mukumukulitsiranji?" Anaseka, nati, "Ichi ndikuchotsachi n'chakufa kale. Ndi chakudya cha tizilombo, ndipo bala silingatseke chili pamwamba."

Amake Tawina, patha masabata atatu okha. Fungo linatha, balalo ndi lofiira ngati m'kati mwa chivwende ndipo likuchepa ndikuona ndi maso angawa.

Tsono mwati chidendene cha abambo chada bii, chauma gwa ngati khungwa, ndipo sichikupola. Ndazindikira vuto lake. Chakudacho ndi mnofu wakufa, ndipo ndi chimene chikutsekereza. Chichotseni. Mugule lezala latsopano, muwiritse madzi n'kuthiramo mchere, musambe m'manja ndi sopo ndatumizayo, kenako mudule chakuda chonsecho mpaka muone pofiira. Mumange ndi nsalu yochapa bwino. Ku boma n'kutali, ndipo nthawi ino ya fodya simungawatsike pa mzere tsiku lonse chifukwa cha kachidendene. Iwo eni ake ndi amene anatiphunzitsa kuti tsamba lovunda m'chigafa umalizula tsiku lomwelo lisanaononge anzake.

Ndikudziwa chimene mukuganiza. Chikwatiwire simunadyepo nawo pamodzi, simunawayang'anepo m'maso, ndiye lero mugwire phazi lawo? Koma mlongo wanga Feggie ali ku Mtunthama, ndipo uja amakomoka ndi magazi a nkhuku. Palibe wina, ndinu. Akakana, auzeni kuti dokotala wawo walamula. Aseka, kenako atambasula mwendo.

Levison

Joni, 2 Epulo 2023

Amake Tawina,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndadzuka, koma werengani kalatayi muli nokha, ndipo iyi isalowe m'Baibulo.

Lachinayi lapitali ndinakuimbirani masana, munadabwa. Ndikuuzeni chimene chinachitika. Oupa wada chidendene, chimodzimodzi mmene munafotokozera cha abambo, chakuda, chouma, cholimba. Sisita atafika ndinamuyalira kale kampeni ndi beseni, ndikudzimva kuti ndine katswiri. Sanayang'aneko n'komwe. Anaika zala ziwiri pamwamba pa phazi, kenako kuseri kwa kakolo. Ndiye anati, "Bwezera zimenezo. Ichi sitikhudza."

Ndinati, "Nanga si chakufa ngati chija?"

Anati, "Chija chinali chonyowa, chowola, ndipo pansi pake magazi ankayenda. Gwira phazili." Ndinagwira, linali lozizira. "Mtsempha sukugunda. Magazi safika kuno mokwanira. Chouma chonchi, chosatuluka madzi, chosanunkha, pa phazi lotere, ndi chivindikiro. Ukachidula watsegula khomo limene thupi lilibe mphamvu yolitseka, tizilombo timalowa mpaka ku fupa." Anangopaka mankhwala a bulawuni m'mphepete, n'kuika pilo pansi pa katumba kuti chidendene chilendewere. Anati tizichiyang'ana tsiku ndi tsiku, chikafewa kapena kununkha ndiye nkhani ina, ndipo imeneyo ndi ya achipatala.

Ndinafunsa kuti nanga munthu atadula kunyumba, kwa wodwala shuga? Anandiyang'ana nati, "Ndani wadula?" Ndinati palibe.

Ndinathamangira kuseri kwa galaja ndi foni. Munayankha mosangalala kuti, "Tinachotsa kale, patha masabata awiri. Sanamve kupweteka ngakhale pang'ono, amachita kuimba nyimbo ya ku kwaya. Ndipo magazi sanatuluke ambiri." Ine ndinati, "Chabwino."

Sizili bwino. Siyani fodya yense, muwatengere ku chipatala cha ku boma. Zimenezi ndakuuzani kale pa foni dzulo, koma ndikulembanso kuti muone kuti sindikuseka. Mukaona kutupa, kufiira kokwera m'mwendo, fungo, kapena thupi kutentha, musadikire kuti kuche bwino kapena kuti galimoto idzaze.

Chikundipweteka n'chakuti ndinkadziwa. Abambo sankangotiphunzitsa za tsamba lovunda. Ndikumbuka akundimenya dzanja ndili mwana, nditagwira fodya wouma masana dzuwa lili pamutu, tsamba n'kuphwanyikira m'manja. Anati wovunda yekha ndiye wochotsa, wouma umamusiya apo ali. Ine ndinakulemberani theka la phunzirolo.

Levison

Joni, 30 Epulo 2023

Amake Tawina,

Moni. Zikomo chifukwa chogona pa simenti ya chipatala masiku onsewa, ndi kusiya Tawina kwa anansi. Ine ndili bwino mwa apo ndi apo. Kuno kwayamba kuzizira. Ndatumiza bulangete ndi thaulo ziwiri.

Ndamva zonse. Achipatala ayeretsa kawiri, achotsa zowola mmene amachitira odziwa ntchito, koma zala ziwiri zadanso ndipo fungo lakwera. Akuti mwendo uchoke m'munsi mwa bondo kuti munthu atsale. Ndamufotokozera Sisita ngati nkhani ya munthu wina wa kwathu, ndipo wati adokotalawo akunena zoona, pafika podula, ndipo tsiku lililonse lochedwa mpeni umakwera m'mwamba. Taonani mmene zakhalira. Pamene panafunika kusiya tinadula, lero pafunika kudula ndiye madala akukana.

Munandipatsa foni Lachiwiri kuti ndilankhule nawo. Inu munamva mbali yawo yokha. Anati, "Dokotala, tiana ta kunoti tikufuna kundidula mwendo. Ndawauza kuti dokotala wanga ali ku Joni. Ngati n'kudula, abwere adzadule yekha." Mawu awo anali amphamvu, onyada, ndipo ndinamva odwala anzawo akuseka nawo m'chipindamo.

Apa ndi pamene ndikanati, abambo, ine sindine dokotala. Mawuwo anali pakamwa. Koma ndinaganiza za anthu akumvetserawo, ndi nkhope yawo, ndipo ndinati, "Mverani anzangawo, abambo." Anzangawo! Iwo anati, "Ndikudikira iwe."

Kubwera n'kovuta. Za pasipoti yanga mukudziwa, masiku anatha kalekale, ndipo sabata yatha anagwira anyamata awiri a ku Chamama pa siteshoni pomwe ndimakwerera. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Pali chinanso. Oupa amagona ikatha nkhomaliro, ndipo nyumba yonse imakhala zii. Ine ndimakhala pa mpando pambali pa bedi kupinda zovala. Lachitatu ndinamva nsapato m'kanjira ka m'nyumba, kwii, kwii, kwii, kuyenda kwa munthu wosafulumira. Ndinatuluka kukaona ngati mwana wa bwana wabwera. Geti linali lokiya, galu ali gone padzuwa. Mwina ndi matabwa apansi akulira ndi kuzizira.

Levison

Joni, 28 Meyi 2023

Amake Tawina,

Ndikulonjerani. Tawina chifuwa chija chatha? Ine ndikudya, ndikugwira ntchito.

Ndiye anatuluka m'chipatala mwa okha. Sindikukudzudzulani, ndikudziwa kuti inu simungawagwire malaya. Mwati akumakhala pa mthunzi wa chigafa, mwendo uli pa kampando atakulunga chitenje, akusankha fodya wopita ku msika wa ku Chinkhoma, ndipo aganyu akukhala chakutali chifukwa cha fungo. Mwati auza amalume a Esau kuti anabwera ndi miyendo iwiri ndipo adzapita ndi miyendo iwiri, pokhapokha mwana wawo atanena zina atauona yekha.

Munandilembera mzere umodzi wokha wa inu mwini: "Auzeni zoona, bambo a Tawina, ine sindingathe." Ndauwerenga kosawerengeka. Ndalemba kalata ya abambo katatu, ndang'amba katatu. Pa foni ndayesa kawiri. Akangomva mawu anga amati "Dokotala!" ndipo ndimamva kuti ululu wawo wonse akuuimika pa liwu limenelo. Ndikalichotsa atsamira chiyani? Ndimadzifunsa choncho, koma ndikudziwa kuti ndi mantha anga chabe. Ndine wamantha, amake Tawina, ndipo mwakwatiwa ndi munthu wamantha.

Ndapempha tchuthi. Mwana wamkazi wa Oupa wati ndikapita asaka wina tsiku lomwelo. Masautso wati atha kunditenga ulendo wa pakati pa Juni, ndikhale kumbuyo ndi katundu, za pa malire aona yekha. Ndavomera. Auzeni abambo kuti ndikubwera, koma ayambe abwerera ku chipatala, ndikawapeze kumeneko. Mwina akamva choncho apita.

Chidendene cha Oupa chikadali chouma. Ndimachiyang'ana m'mawa uliwonse, ndimachinunkhiza, ndimakonza pilo kuti chisakhudze bedi. Sisita wati ndimachisamala kuposa mmene ana a Oupa angachitire. Sadziwa kuti ndikachigwira ndimaona phazi la yani.

Nsapato zija zikubwerabe, nthawi yomweyo ya masana. Poyamba zinkathera pakati pa kanjira. Tsopano zikumafika pa chitseko cha chipinda n'kuima, ngati munthu amene akudikira kuti umuuze alowe. Ndiuzeni, nsapato zenizenizo zili kuti?

Levison

Joni, 25 Juni 2023

Amake Tawina,

Moni sindidziwa kuti ndipereke bwanji. Ndili moyo.

Anatsala masiku anayi kuti ndinyamuke. Mwati linali Lachiwiri, cha m'ma 2 koloko masana, thupi litatentha masiku atatu, ndipo anafunsa ngati thiraki ya Masautso yadutsa. Ine nthawi imeneyo ndinali pa mpando wanga ndi mathaulo pamiyendo. Nsapato zinafika pa chitseko n'kuima monga mwa masiku onse. Ndinati, "Lowani, abambo." Sindidziwa chimene chinandilankhulitsa. Oupa anatsegula maso n'kundifunsa kuti ndikulankhula ndi ndani. Patapita kanthawi foni yanga inalira, munali inu ndi uthenga wa maliro.

Sindinakwere thiraki. Maliro anali mawa lake, ndikanafika dothi litauma, ndipo kunena zoona ndinaopa nkhope za anthu. Zikomo kuti munawasamala mpaka pamapeto. Apita ndi miyendo yawo iwiri monga anafunira.

Sabata ino chikhungwa cha pa chidendene cha Oupa chayamba kutukuka chokha m'mphepete. Lachinayi Sisita anangochikhudza ndi chopanira, chinagwera m'beseni. Pansi pake pali kabala kakang'ono, koyera bwino, kozunguliridwa ndi khungu latsopano. Anati sizichitika kwa aliyense, nkhalambayi ili ndi mwayi. Ine ndinaika beseni pansi n'kulira pamaso pake. Ndinamuuza zonse, za nsapato, za lezala, za udokotala wanga. Iye anati, "Phazi la shuga lopanda magazi likanatha kuwola ngakhale osalikhudza. Zimenezo palibe angadziwe. Koma sunayenere kulamula bala limene sunalione." Mawu oyambawo ndawasiya, achiwiriwo ndi amene ndatenga.

Masautso wandiuza chinthu chimene inu simunandiuze. Akuti Feggie anakuwa pa maliro, anthu onse akumva, kuti mtengwa anadula abambo ake ndi lezala. Akuti inu munangowerama. N'zoona zimenezi? Bwanji simunatulutse kalata yanga?

Levison

Joni, 16 Julaye 2023

Amake Tawina,

Ndikulonjerani inu ndi Tawina. Za thanzi langa tisiye.

Amalume a Esau andiimbira. Akuti Loweruka la pa 29 abale akumana pakhomo kugawa zovala za malemu ndi kukamba za inu. Feggie akufuna mubwerere kwanu ku Lukwa, akuti mtengwa amene anafika pogwira thupi la apongozi ake ndi mpeni sangakhale pa mudzi. Amalume anafufuza m'Baibulo la abambo, anapeza makalata anga akale okha, ya mwezi wa Malichi munalibe. Atakufunsani munati munachita mwa nzeru zanu.

Ndikudziwa chifukwa chake. Mukufuna mudzi uzikumbukira kuti abambo, a Lameki, anabereka dokotala, ndipo Tawina akule ndi bambo wa ulemu. Mwanyamula miyezi inayi katundu amene si wanu. Lefina mkazi wanga, tulutsani kalatayo kumene mwaibisa. Muipereke kwa amalume pamodzi ndi inoyi, awerenge mokweza kuyambira apa.

Amalume, Feggie mlongo wanga, ndi nonse mwakhala pamenepo, ndine Levison. Ine sindine dokotala ndipo sindinagwirepo ntchito m'chipatala. Ndimasambitsa nkhalamba ndi kutaya mikodzo yake. Ndinaona namwino akudula bala lowola, ndinayesa kuti bala lililonse lakuda ndi lodula, ndipo ndinalamula mkazi wanga adule chidendene chimene chinafunika kusiyidwa. Kalata ya pa 5 Malichi ndi imeneyo, dzanja mukulidziwa. Lefina anakana masiku awiri. Abambo ndi amene anamuitana n'kuti dokotala walamula. Anagwada, anapepesa, anagwira phazilo. Itafika nthawi yoyenera kudula, abambo anakana chifukwa ankadikira ine, ndipo ine ndinali ndi foni m'manja koma sindinawauze zoona. Feggie, pamene abambo ankanunkha moti aganyu kuthawa, amene ankachapa zitenje zija ndi mkazi ameneyu. Ngati pali wochoka pa mudzi, ndi ine. Amalume, lekezani apa.

Lefina, ndapereka kale notisi. Ndaphunzitsa mnyamata wa ku Zimbabwe kutembenuza Oupa ndi kuika pilo, ndipo ndamuuza kuti chilichonse chimene sakuchidziwa afunse Sisita. Ndikwera ulendo wa Masautso wa kumayambiriro kwa Ogasiti. Sindifika pa tsiku la msonkhano, koma kalatayi ifika.

Masana nsapato zija sizinaleke kubwera. Zimaima pa chitseko, ndipo tsopano ndadziwa chimene abambo akudikira kuti amve.

Mwati nsapatozo zili pansi pa bedi lawo ndipo palibe akuzifuna. Pogawa zovala munene kuti ndi zanga, paja ndinayesa phazi langa. Ndikafika ndidzazivala kuchokera pakhomo mpaka ku manda, kuti amve amene akubwera, ndikawauze ntchito imene ndimagwira.

Ndine mwamuna wanu,
Levison